Kanema wa Manyowa

Aphunzitsi Abrahamu anasiya kuyankhula m'mwezi wa Febuluwale, ndipo pofika nthawi yokumba mtedza anali atatsala ndi mawu atatu okha: eya, ayi ndi ameni. Munthu amene anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu ndi zisanu, amene ankatha kutsutsana ndi wailesi mpaka mabatire kutha, tsopano ankangokhala pakhonde n'kumayang'ana msewu wa ku Nsaru ngati wina wawasungitsa.

Chifukwa chake panalibe amene sankachidziwa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Joel, anapita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo chimene chinabwerako chinali kalata. Anaikidwa komweko ndi anthu osadziwa n'komwe kuti kwawo n'kuti. Nelia, mayi ake, analira mpaka mawu anasasa, kenaka anadzuka n'kutenga khasu, poti udzu sudziwa kuti pakhomo pagwa zovuta. Aphunzitsi sanagwetse msozi ndi umodzi womwe. Anangotseka pakamwa, ndipo thupi linayamba kutsatira. Lamba wawo Nelia anali atamuboola kale mabowo awiri atsopano ndi msomali.

Nelia ankachita mantha, ndipo sanali mantha opanda pake. Anali ataonapo amuna ena akuyenda njira imeneyi. Munthu amayamba wasiya mawu, kenaka amasiya chakudya, chomaliza n'kusiya mpweya. Mwana anamutaya ali kutali, asakuona. Mwamuna sanafune kumutaya ali pakhonde pomwepo, iye akuyang'ana.

Ndiye Lachiwiri lina anawaveka jekete n'kupita nawo kuchipatala. Adokotala anawagogoda pachifuwa, anawasuzumira m'maso ndi m'kamwa, anawayeza magazi. Anafunsa mafunso khumi ndi awiri, n'kulandira ayi kakhumi, eya kamodzi, ndi ameni mmodzi wongolowerera.

"Amayi," anatero adokotala, "malungo palibe, magazi ndi okwanira, mtima ukugunda bwinobwino. Abambowa akudwala maganizo. Mankhwala ake m'kabati muno mulibe. Azicheza ndi anthu, aziseka. Ngakhale kanema wosangalatsa muziwaonetsako."

"Lembani," anatero Nelia, akukankha buku la kuchipatala.

"Ndilembe chiyani?"

"Kanemayo. Mankhwala ongonena pakamwa ine sindiwakhulupirira."

Adokotala anayang'ana panja, anaona mzere utakhota mpaka kumpopi, n'kulemba.

"Kangati pa tsiku?"

"Kamodzi n'kokwanira."

"Asanadye kapena atadya?"

"Atadya, amayi. Alowe wina."

Vidiyo ya pa Nsaru inali kuseri kwa mabutchala, chisakasa cha mapepala akuda apulasitiki chokhala ndi mabenchi a bulugama. Mwini wake anali Ambrose, Mkatolika wa ku Nambuma, bambo wa mimba yake ndithu, amene kale ankasankha fodya kuesiteti. Panja, pamtengo wautali, anamangirira sipika yaikulu ngati ndowa, ndipo kuyambira masana sipikayo inkalavula Chingerezi msika wonse n'kumamva.

Vuto linali limodzi. Zaka ziwiri m'mbuyomo, aphunzitsi omwewa, monga mkulu wa mpingo, anaimirira m'seshoni n'kuyankhula mpaka abusa kuyasamula, kuti Mkhristu wopezeka m'vidiyo azidulidwa. Lamulolo linadutsa. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Atafika pakhomo pa chisakasacho tsiku lotsatira, atadya monga mwa malangizo, aphunzitsi anaupeza mlomo wawo ukuwadikirira, ndipo anaima nji.

"Ayi."

"Alemba adokotala."

"Ayi."

Koma Nelia anali atadikirirapo odwala ambiri m'moyo wake, ndipo mwambo wa kuchipatala ankaudziwa: wodwala akalephera kuima pamzere, womudikirira ndiye amakamulandirira mankhwala pawindo. Anawagwira dzanja n'kukawakhazika pabenchi ya Frackson, wokonza njinga, patsinde penipeni pa mtengo wa sipika uja. Kudikira njinga si tchimo, ngakhale kwa munthu wopanda njinga.

"Khalani pano, Aphunzitsi. Ndikakulandirireni."

Zoti lamulo lija likukhudza iyenso ankazidziwa. Anangoona kuti kudulidwa mumpingo n'kopepuka kusiyana ndi kumeta maliro kawiri chaka chimodzi.

Ambrose ataona mayi wa Chigwirizano akuwerama pakhomo pake, anaganiza kuti abwera kudzakoka mdzukulu ndi khutu. Nelia anangomutsegulira buku lija. Ambrose anawerenga kawiri, kenaka anavula chipewa.

"Ine ndakhala ndikuwauza anthu kuti ntchito yangayi ndi ya zaumoyo, koma amandiseka. Khalani kutsogolo, amayi."

"Ukhale wosangalatsa. Alemba choncho."

"Onse ndi osangalatsa. Woipa amafa kumapeto."

Zimene Nelia anaona tsiku limenelo sanazionepo chibadwire. Kamunthu ka ku China, kowonda kuposa aphunzitsi, kovala zogonera masana dzuwa likuswa mtengo, kanalowa pabwalo la eni ake n'kuyamba kumenya aliyense amene kanamupeza. Kanamenya ndi mwendo, ndi chigongono, ndi benchi. Atakazungulira, kanalumpha chammbuyo n'kukatera padenga. Anthu m'chisakasamo ankathandizira ndi pakamwa, wina "phaa," wina "dii," ndipo kupyola m'mapepala apulasitiki munkalowa mawu a mzungu wa m'sipika, odekha, osafulumira, ngati munthu amene sakuona kuti anzake akuthyoka nthiti. Nelia sanatolepo ngakhale liwu limodzi, poti sukulu anailekeza Sitandade 3.

Kuchokera pa Nsaru kukafika kwawo unali ulendo wa ola limodzi, ndipo Nelia anayamba kupereka mankhwala atangodutsa chigayo. Anafotokoza zogonera zija, benchi, denga. Anasonyeza ndi mwendo momwe kamunthu kaja kankaponyera, mpaka chitenje chinafuna kumasuka. Aphunzitsi ankangoyenda, manja kumbuyo.

"Asanu ndi awiri, onse gonee," anamaliza Nelia. "Koma chimene anakalakwira sindikuchidziwa."

Anayenda mpaka padambo. Nelia anali atayamba kale kuganiza kuti adokotala aja anangomunamiza kuti achoke.

"Manyowa," anatero aphunzitsi.

Nelia anaima. Anayang'ana kumbuyo kuti mwina pali munthu wina m'njiramo.

"Mwati chiyani?"

"Sanatembenuze manyowa. Anawauza kuti mulu uzitembenuzidwa pakapita milungu iwiri iliyonse. Ananena katatu. Ndinamva ndekha."

"Ndiye n'kuwathyola nthiti chifukwa cha manyowa?"

"Katatu, Nambewe. Inu simunaphunzitsepo. Munthu ukamuuza chinthu katatu n'kusamva, mwendo umayabwa."

Nelia anafuna kugwada m'njira momwemo, koma anaopa kuwadzidzimutsa, monga umachitira ndi nkhuku imene yayamba kudya m'manja.

"Nanga padenga ankakatani?" anafunsa modekha.

Aphunzitsi anaganiza kaye. "Pamenepo ndi pamene amanena za udzu wouma. Ayenera kuti amakasolola wa padenga."

Tsopano pali chinthu chimene Nelia sankachidziwa, chimene anadzachimva mochedwa. Deki ya Ambrose inalibe mawu. Inagwa panjinga chaka chimene anaigula, ndipo kuyambira pamenepo inkaonetsa zithunzi zokha. Anthu sankadandaula, poti chibakera sichifuna womasulira. Koma vidiyo yopanda phokoso siitana anthu, ndiye Ambrose analumikiza sipika ija ku wailesi ya kaseti. Makaseti ake anamupatsa mlamu wake, amene ankasesa ku ofesi ya bungwe lina la zaulimi lisanatsekedwe: katoni yathunthu ya maphunziro a alimi, onse m'Chingerezi. Ambrose sanavutike n'kufunsa kuti mzunguyo amanena chiyani. Kwa iye Chingerezi chinali Chingerezi, ndipo munthu akachimva pamsika ankadziwa kuti muno muli kanema weniweni.

Ndiye Nelia ankaona kanema wina, aphunzitsi n'kumamva wina, ndipo wachitatu ankabadwira m'njira, pakati pa chigayo ndi dambo.

Lachinayi kunali wa Amwenye. Mnyamata wa ndevu zapamlomo ankathamangitsa mtsikana kuzungulira mtengo mvula ikugwa, ndipo mtsikanayo anasintha zovala kasanu osalowa m'nyumba.

"Amamufunsira," anatero Nelia. "Izo ndiye ndaona ndi maso anga."

"Amamufunsa ngati nkhuku za kwawo zinalandira katemera wa chitopa."

"Ndiye mtsikanayo n'kuthawira kuseri kwa mtengo."

"Ndiye kuti sizinalandire."

"Koma kenaka kunatulukira atsikana ena makumi awiri, onse kuvina."

"Pamenepo amanena kuti katemera botolo limodzi limakwana nkhuku zambiri, choncho ndi bwino kuitana mudzi wonse. Mwaona, mnyamatayo ndi wanzeru. Amukwatire."

"Munthu wofunsa za nkhuku tsiku loyamba? Ameneyo adzawerenga mazira m'chisa. Asamulole."

"Inu ndinakufunsani chiyani tsiku loyamba?"

"Munandifunsa ngati ndimadziwa likulu la dziko la Canada."

Panamveka kaphokoso pakhosi pa aphunzitsi, ngati chigayo chimene chakhala miyezi chisakulira. Kanadukiza, kanabwereranso, kenaka mapewa anayamba kugwedezeka. Nelia anayang'ana kumbali kuti angaone kuti waona. Madzulo amenewo aphunzitsi anamaliza mbale yawo, n'kufunsa ngati mtedza wokazinga unatsalako.

Loweruka kunali wa nkhondo. Asilikali anatsika m'ndege ya chikupizo pamutu n'kuotcha nkhalango yonse, ndipo aphunzitsi anatsimikiza kuti zonsezo zinali za njoka za m'mimba mwa mbuzi.

"Boma la kumeneko silisewera," anatero akupukusa mutu. "N'chifukwa chake azungu analemera. Ife tikaona mbuzi yatupa mimba timati yakhuta."

Milungu itatu isanathe, aphunzitsi anali atakumba dzenje la manyowa kuseri kwa khola, ndipo ankalitembenuza pa tsiku lake mwamantha ndithu, akuyang'ana padenga. Pabenchi ya Frackson napo zinthu zinasintha. Tsiku lina Frackson, akumata chubu, anangofunsa kuti, "Kodi akuti chiyani pamenepa, Aphunzitsi?" Linali funso loyamba limene munthu wina kupatula Nelia anawafunsa chipumireni ntchito lomwe yankho lake silinali eya kapena ayi. Kuyambira pamenepo ankamasulira pompopompo, chala m'mwamba, ndipo anthu oopa kudulidwa ankadzaza benchi, ena atabweretsa njinga zabwinobwino n'kuziphwetsa dala.

Nkhani siigona. Mayi Bertha, wapampando wa Chigwirizano, anamupeza Nelia pachitsime.

"Anzathu, tamva kuti mukumapezeka malo ena ake."

Nelia ankayenda nalo bukulo m'chitenje. Mayi Bertha analiwerenga atalitalikitsa, milomo ikuyenda.

"Nanga bwanji osalowa eni ake odwalawo?"

"Ndimawaonera ine. Iwo amandimverera."

"Kandimverere ananena za m'maluwa, anzathu."

"Za m'maluwa zomwezo zawadyetsa mbale ziwiri dzulo."

Mayi Bertha anabweza bukulo, anasenza ndowa, kenaka anatembenuka. "Kodi amathandizanso kuthamanga kwa magazi?"

Komabe Nelia sanadzinamize kuti matenda atha. Aphunzitsi ankayankhula za manyowa, za chitopa, za kamunthu ka padenga, koma akafika pakhomo n'kuona chitseko cha kanyumba kamene Joel ankagonamo, mawu ankazima. Dzina la mwanayo silinatuluke pakamwa pawo chifikireni kalata ija. Mankhwalawa ankagwira ola limodzi la m'njira, mawa lake n'kufunika ena. Nelia ankadzuka m'mawa uliwonse ndi nkhawa yakuti tsiku lina adzasiya kugwira.

Tsikulo linafika Lolemba, fodya atagulitsidwa. Ambrose anamuchingamira pakhomo atavala malaya atsopano, nkhope ikuwala.

"Amayi, lero ndiye mulandira mankhwala enieni. Ndagula deki ina ku Lilongwe. Yamawu."

"Nanga ija inalibe mawu?"

"Ija? Ija inali bubu chigwereni panjinga. Panjapo ndinkangoika makaseti a alamu anga, a zaulimi kaya a chiyani. Lero chimene muone ndi chimene abambo amve. Waya ndi mmodzi."

Nelia anagwira nsanamira ya chisakasa.

"Ndiye kamunthu kaja sikankamenyera manyowa?"

"Manyowa ati? Anakaphera mchimwene wake."

"Nanga wa nkhuku uja?"

Ambrose anaseka mpaka mimba inagwedezeka, koma ataona nkhope ya Nelia analeka.

"Bwezeranipo kaseti, bambo," anatero Nelia. "Lero lokha. Ya mbuzi ija."

"Amayi, taonani anthuwa. Abwerera mawu. Ndikaika mbuzi andigwetsera chisakasa. Koma musadandaule, uyu ndi wa ku Nigeria, watsopano. Chingerezi chake chomveka bwino."

Walira mvula walira matope. Nelia anakhala pamalo pake kutsogolo, ali ndi manyazi ndi mantha. Manyazi anali akuti mwezi wathunthu wakhala akumwetsa mwamuna wake mankhwala a mbuzi. Mantha anakula kanemayo atangoyamba.

Panali mnyamata wina, wa zaka ngati za Joel, akutuluka m'nyumba ya kumudzi ndi kachikwama. Mayi ake anamuperekeza mpaka pamsewu, n'kumukonza kolala. Mnyamatayo anafika mumzinda waukulu, ananyamula matumba a simenti, anagona pakatoni. Kenaka anayamba kutsokomola. Ndipo nthawi yonseyi sipika ya panja inkakhuthula mawu ake onse, limodzi ndi chifuwa chomwe, pamutu penipeni pa munthu yekhayo pa Nsaru amene ankamva liwu lililonse.

Nelia anadziwa kuti ayenera kutuluka, kukawagwira dzanja n'kuwachotsa pansi pa mtengo uja. Sanadzuke. Sikuti anthu anamutsekereza, ayi. Miyezi yonseyi ankadzifunsa kuti kodi mwana wa eni akafera kuchilendo amamuchita bwanji, ndipo apa wina anali kumuonetsa. Anaonera mpaka kumapeto, chitenje chili pakamwa. Woipa sanafe, poti munalibemo woipa.

Atatuluka anapeza benchi ya Frackson ili phee. Aphunzitsi anali atakhala tsonga, chipewa pamaondo.

"Analeka kumasulira pakatikati," ananong'ona Frackson. "Tinawafunsa, koma osayankha."

Anadutsa mabutchala, anadutsa chigayo. Aphunzitsi ankayenda patsogolo, ndipo Nelia ankayang'ana jekete lija likulendewera pamapewa. Zonse zimene anamanga mwezi wathunthu anaziona zikugumuka. Atayandikira dambo anaganiza zonama. Bodza sanali kulizolowera, kupatula pa zaka za nkhuku zimene ankagulitsa, koma anayesa.

"Lero kunali mnyamata wina," anayamba. "Anapita kutauni. Kumeneko anamulandira bwino, anamupatsa mpando. Ananenepa. Anaweta nkhuku zambirimbiri, zonse za katemera, ndipo kenaka..."

"Nambewe."

Nelia analekera bodza lake pomwepo.

"Makaseti aja Ambrose wanena ndikumva. Mawu a lerowanso ndamva onse. Musavutike."

Anayenda masitepe angapo. Nelia anati mumtima basi, abwerera ku eya ndi ayi. Koma aphunzitsi anaima pamphepete pa njira, osatembenuka.

"Chimene sindinaone ndi ichi. Pamene kunangoti zii, kulira nyimbo yokha. Anamusambitsa?"

Nelia anayankha kuti, "Anamusambitsa. Bambo wina wachikulire, amene ankanyamula naye simenti."

"Bokosi linalipo?"

"Linalipo. La matabwa wamba, losapala, koma linalipo."

"Ananyamula angati?"

"Anayi. Wachisanu ankayenda pambuyo atavula chipewa. Ndipo mayi wina wogulitsa zakudya pamsewu anamasula nsalu yake n'kuyala pamwamba."

"Osamudziwa?"

"Ankangomugulitsa nyemba."

Aphunzitsi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Nelia anasendera pafupi. Nayenso anali ndi theka limene linamusowa, ndipo linkamuwotcha chitulukireni m'chisakasa muja.

"Nanga inu, Aphunzitsi. Asanatseke maso, milomo yake inkayenda. Bambo wachikulire uja anachita kuwerama kuti amve. Ankati chiyani?"

Aphunzitsi anatsegula pakamwa, anatseka. Anayesanso.

"Anati, mukauze amayi kuti sindinkagona ndi njala."

"Basi?"

"Anatinso, abambo mukawauze kuti..." Mawu anathyokera pomwepo. "Make Joel, mwana wathu uja. Mwana wathu uja anamunyamula ndani?"

Aphunzitsi anakhala pansi, pafumbi, ndi jekete lawo la kutchalitchi, ndipo kulira kumene kunakhala miyezi isanu kukusowa khomo kunatuluka konse nthawi imodzi. Sikunali kulira kwaulemu kwa mkulu wa mpingo. Kunali kokweza, koipa, kwa munthu wamkulu amene waiwala kaliridwe. Nelia anakhala pambali pawo n'kutambalitsa miyendo monga amakhalira amayi pasiwa, ndipo naye anayambiranso pamene analekezera.

Bambo wina amene ankabwera ndi ngolo ya ng'ombe anaimitsa n'kutsika.

"Pepani, amayi. Kwagwanji?"

"Mwana wathu watisiya," anatero Nelia.

"Pepani kwambiri. Liti?"

"Febuluwale."

Bamboyo anawerenga miyezi ndi zala, n'kuyang'ana aphunzitsi.

"Kwa abambowa uthenga wafika lero," anatero Nelia.

Bamboyo sanafunsenso. Anavula chipewa n'kukhala pansi chapatali pang'ono, kumbali ya amuna, ngakhale kuti mbali ya amunayo anaiyambitsa yekha. Amayi atatu ochokera kudimba anatula mitolo yawo ya mpiru n'kudzakhala ndi Nelia. Wina anathyola nthambi zamasamba n'kuziyala panjira uku ndi uku, ndipo apanjinga ochokera ku Nsaru ankati akafika pamenepo n'kutsika, ena kudutsa akukankha, ena kutsamiritsa njinga pachulu n'kukhala nawo. Panalibe nyumba, panalibe bokosi, panalibe ngakhale mmodzi wodziwa nkhope ya malemu. Mmodzi wa amayi a mpiru aja anayambitsa nyimbo, ndipo inagwira.

Nyimbo itatha panakhala bata la anthu odikira chotsatira. Bambo wa ngolo uja anakhosomola.

"Kodi mbiri ya malemu anena ndani?"

Nelia anafuna kuyankha kuti palibe, anthu azipita dzuwa lisanapendeke kwambiri. Koma anamva dzanja likutsamira paphewa pake. Aphunzitsi anadzuka, anasasa fumbi kumbuyo kwa buluku, anapukuta nkhope ndi chipewa. Anayang'ana gulu la alendo lija kuchokera uku mpaka uko, monga ankayang'anira kalasi tsiku lotsegulira sukulu.

"Dzina lake anali Joel," anayamba. "Anabadwa Lachisanu, mvula ikugwa, ndipo masamu sankawakonda."

Ananena za dzino lake loyamba, za tsiku limene anagwa mumtengo wa mango a abusa, za kalata imene analemba ali Sitandade 5 yokhala ndi zolakwika khumi ndi zinayi, zimene anazitchula chimodzichimodzi. Anayankhula mpaka ng'ombe za pangolo zinagona pansi n'kuyamba kubzikula, mpiru uja n'kufota m'mitolo. Amayi ena anayamba kuyang'ana Nelia ndi maso opempha kuti awakoke jekete.

Nelia anapinda manja pamiyendo n'kuwasiya apitirize.